Kodi Dizilo wa Zomera Angayeretse Utsi wa ku Hara?

Hara ndi dera la kumwera kwa boma la Karonga, kufupi ndi doko la Chilumba, pakati pa Nyanja ya Malawi ndi mapiri okwera ku Nyika. Dzina lake lidamveka chifukwa cha sikimu ya mpunga wothirira imene idakhazikitsidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo kufikira lero mpunga wa Kilombero wochokera m'boma limeneli umalimbiranidwa m'misika ya ku Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre. Madzi a m'sikimu amatsika okha m'ngalande, ndipo ntchito yaikulu ya m'munda imagwiridwa ndi manja ndi ng'ombe. Koma mpungawo ukangotsika pa ngolo, ulendo wake wonse umadalira makina. Chigayo chopunthira mpunga, ngati chili kutali ndi mawaya a magetsi kapena magetsiwo athima, chimafuna injini ya dizilo. Lole imene imabwera kudzanyamula matumba imayendera dizilo. Ndiponso msewu wa M1 wodutsa m'derali ndiwo njira ya magalimoto akuluakulu ochokera ku Dar es Salaam, amene amalowera pa chipata cha Songwe, nakakwera chitunda cha Chiweta akufuka utsi wakuda bii.

Utsi umenewo suthera m'mwamba. Amaupuma mnyamata wogwira ntchito m'chigayo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, amaupuma amayi oyembekezera pa mzere ali ndi ana kumbuyo, amaupumanso ogulitsa malonda m'mphepete mwa msewu. Tsono pa zaka makumi atatu zapitazi maiko ambiri akhala akulimbikitsa mtundu wina wa mafuta, opangidwa kuchokera ku mbewu, ponena kuti utsi wake ngwabwinoko. Funso limene wophunzira aliyense ayenera kulifunsa ndi ili: kodi ubwinowo ngwaukulu motani, ndipo kodi ungafike pa chifuwa cha munthu wa ku Hara?

Chiyambi cha dizilo wa zomera

Ganizo loyendetsa injini ndi mafuta a mbewu silachilendo. Rudolf Diesel, Mjeremani amene dzina lake lidasanduka dzina la mafutawa, adamaliza injini yake yoyamba yogwira bwino ntchito m'chaka cha 1897. Patangopita zaka zitatu, pa chionetsero chachikulu cha ku Paris mu 1900, injini ya mtundu umenewu idaonetsedwa ikuyenda ndi mafuta a mtedza. Komabe mafuta okumbidwa pansi adali otsika mtengo, motero a mbewu adaiwalika.

Vuto la mafuta a mbewu osakonzedwa nlakuti ngolemerera. Amanata pafupifupi kakhumi kuposa dizilo wamba. Munthu akathira madzi ndi uchi m'mabotolo awiri oboola kunsi, aona kuti madzi athamanga pamene uchi ukudontha mwaulesi. Kusiyana kwa dizilo ndi mafuta ophikira nkofanana ndi kumeneko. Mu 1937 katswiri wina wa ku Brussels, m'dziko la Belgium, dzina lake Chavanne, adalembetsa njira yochepetsera kunata kumeneku, ndipo chaka chotsatira basi ina idayenda pakati pa mizinda ya Brussels ndi Leuven ndi mafuta a kanjedza okonzedwa mwa njira yakeyo.

Njira imene ikutsatidwa masiku ano njotere. Mafuta a mbewu amatenthetsedwa pang'ono, nasakanizidwa ndi mtundu wa mowa wa m'fakitale wotchedwa methanol pamodzi ndi soda woyaka, yemwe uja amapangira sopo. Zikakhazikika zimapatukana pawiri. Pansi pamadikha madzi olemerera otchedwa glycerine, ndipo pamwamba pamayandama mafuta opepuka amene pa Chingerezi amatchedwa biodiesel, ndiye dizilo wa zomera. Pa makilogalamu 100 a mafuta a mbewu ndi makilogalamu 10 a methanol pamatuluka pafupifupi makilogalamu 100 a dizilo wa zomera ndi makilogalamu 10 a glycerine. Mafutawa angathiridwe okha m'thanki, koma kawirikawiri amasakanizidwa ndi dizilo wamba. Msanganizo umadziwika ndi chilembo B pamodzi ndi nambala: B20 ndiye kuti magawo 20 pa 100 alionse ndi a zomera, pamene B100 ndi a zomera okhaokha.

Zimene zimabisala mu utsi

Kuti munthu amvetse za utsi, ayenera kuyamba wadziwa m'mene injini ya dizilo imayatsira moto. Iyo ilibe mapulagi monga ya petulo. Pisitoni imapanikiza mpweya m'kachipinda kakang'ono mpaka mpweyawo utatentha kupitirira madigiri 500, ndipo pa nthawi yomweyo mafuta amapoperedwa ngati nkhungu kudzera pa timabowo tating'ono ta chipangizo chimene amakaniko amachitcha nozo. Mafuta akakumana ndi mpweya wotenthawo amayaka okha. Zonsezi zimachitika mofulumira koposa kuphethira kwa diso, kotero kuti si dontho lililonse limene limapeza mpweya wokwanira. Dontho losowa mpweya limapserera, ndipo kupserera kumeneko ndiko kumabala utsi.

Mu utsimo muli adani anayi. Woyamba ndi mwaye. Umene umaoneka ndi maso, nudetsa malata ndi zovala, ndi gawo chabe. Woopsa kwambiri ndi uja wosaoneka, timadontho tochepa pafupifupi ka 30 poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi la munthu. Mphuno imalephera kutitchinga, choncho timalowa mpaka pansi pa mapapo, ndipo tina timadutsa kukalowa m'magazi. M'mwezi wa June 2012 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la World Health Organization, imene ili ku Lyon m'dziko la France, idalengeza kuti utsi wa dizilo uli m'gulu la zinthu zimene zatsimikizika kuti zimayambitsa khansa ya m'mapapo.

Mdani wachiwiri ndi mpweya wotchedwa carbon monoxide. Ulibe mtundu, ulibe fungo. Ukalowa m'magazi umalanda malo a okosijeni, pakuti magazi amaukoka kuposa ka 200 kuyerekeza ndi m'mene amakokera okosijeniyo. Injini ya dizilo imatulutsa wochepa poyerekeza ndi ya petulo, koma m'chipinda chotseka ngakhale wochepayo amaunjikana, nabweretsa mutu, chizungulire, ndipo nthawi zina imfa. Wachitatu ndi mafuta otuluka osapsa, amene amalasa m'maso ndi kukereketa kukhosi. Wachinayi ndi mipweya yotchedwa nitrogen oxides. Imeneyi sichokera kwenikweni m'mafuta ayi, koma mu mpweya womwe timapumawu, umene magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitirojeni. Moto wa m'injini ukatentha kwambiri, nayitirojeni amakwatirana ndi okosijeni, ndipo ana awo ndi mipweya yotupitsa njira za mpweya m'chifuwa, imene imazunza makamaka odwala mphumu.

Pambali pa anayiwa pali sulufule, amene amapezeka m'mafuta okumbidwa pansi, ndi mpweya wa carbon dioxide, umene suvulaza chifuwa pa msewu koma ndiwo ukutenthetsa dziko lapansi ndi kusokoneza kagwedwe ka mvula.

Zimene miyeso idaonetsa

Chimene chimasiyanitsa dizilo wa zomera ndi wamba nchakuti iye amabwera ndi okosijeni wakewake. Pafupifupi magawo 11 pa 100 a kulemera kwake ndi okosijeni, pamene dizilo wamba alibe. Choncho dontho lake, ngakhale litakhala pakati pa nkhungu pamene mpweya sufika bwino, limakhala ndi kamba wa pa ulendo, ndipo limapsa mokwanirako. Ndiponso mafutawa ali ndi sulufule wochepa zedi.

M'chaka cha 2002 bungwe la boma la United States loona za chilengedwe, la Environmental Protection Agency, lidasonkhanitsa zotsatira za miyeso yambiri yochitidwa pa mainjini a magalimoto akuluakulu. Lidapeza kuti msanganizo wa B20 wochokera ku soya umachepetsa mwaye ndi magawo pafupifupi 10 pa 100, carbon monoxide ndi magawo 11, ndipo mafuta otuluka osapsa ndi magawo 21. Koma nitrogen oxides adakwera ndi magawo 2. Pa B100 mwaye ndi carbon monoxide zidatsika pafupifupi ndi theka, mafuta osapsa adatsika ndi magawo awiri mwa atatu, koma nitrogen oxides adakwera ndi magawo pafupifupi 10 pa 100. Walira mvula walira matope: moto umene ukupsereza mwaye bwino ndi womwewo ukubala mipweya yotupitsa chifuwa.

Manambala amenewa ngofunika kuwawerenga modekha, ndipo aphunzitsi a masamu angawagwiritse ntchito m'kalasi. Ngati B20 achotsa magawo 10 a mwaye, ndiye kuti magawo 90 atsala. Ngati B100 achotsa theka, theka linalo likulowabe m'mapapo. Kuchepa kumeneku nkwenikweni ndipo nkoyamikika, koma kuchepa sikutha. Anthu amene adaimapo pafupi ndi injini yoyendera mafuta a zomera amanena kuti utsi wake umanunkhira ngati pa chiwaya cha tchipisi, ndipo fungo lokomalo lingathe kumunyenga munthu kuti aleke kusamala. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Palinso mfundo ina imene ikukhudza Hara mwachindunji. Magalimoto atsopano a ku Ulaya ndi America ali ndi zosefera mwaye ndi zipangizo zina m'paipi yotulutsira utsi, ndipo pa magalimoto otero kusiyana kwa mafuta awiriwa kumachepa kwambiri, popeza zosefera zimagwira kale ntchitoyo. Koma injini ya pisitoni imodzi ya pa chigayo, thirakitala yakale, ndi lole imene yayenda zaka makumi awiri zilibe zoterezi. Utsi umachoka m'moto nkulunjika panja. Motero ndi pa mainjini akale ngati amenewa pamene mafuta abwino angaonetse phindu lalikulu. Komabe mwini injini adziwe kuti lita imodzi ya B100 ili ndi mphamvu yochepa ndi magawo pafupifupi 8 pa 100, ndiye kuti adzathira ochulukirapo pa ntchito yomweyo. Mafutawa amasungunulanso litsiro lakale la m'thanki, limene limakatseka fyuluta masiku oyamba, ndipo amafewetsa mapaipi ena akale a mphira. Pozizira kwambiri amayamba kugwirana, makamaka a kanjedza, ngakhale kuti vuto limenelo lingasautse woyendetsa galimoto pa Nyika koposa wa m'chigwa chotentha cha m'mphepete mwa nyanja.

Za carbon dioxide nkhani yake njosiyana. Lita imodzi ya dizilo wamba ikapsa imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.7 a mpweya umenewu, kulemera koposa mafuta omwewo, chifukwa kaboni wa m'mafuta amatenga okosijeni wa mumlengalenga. Mwachitsanzo, chigayo chotentha malita 20 pa tsiku chingatulutse makilogalamu 54, kuposa thumba la mpunga. Dizilo wa zomera akapsa amatulutsa wochuluka chimodzimodzi. Kusiyana kuli pakuti mbewu idayamwa mpweya womwewo pamene inkakula, ndipo mbewu ya chaka chamawa idzauyamwanso. Kafukufuku wa boma la United States wa mu 1998 adawerengera kuti, poona ulendo wonse kuyambira kumunda mpaka ku injini, B100 wa soya amachepetsa mpweyawu ndi magawo 78 pa 100. Koma chiwerengero chotere chimagwa ngati munthu wayamba watentha nkhalango kuti apeze munda wolimapo mbewuyo.

Phunziro la mbaula

Anthu a dera la Chilumba ali ndi umboni wawo pa nkhani ya utsi, ngakhale kuti sudachokere ku injini. Kuyambira mu 1979 ku Chilumba kwakhala likulu la kafukufuku wa zaumoyo, amene adayamba ndi khate, kenako chifuwa chachikulu. Pa zaka za m'ma 2010 midzi ya m'derali, pamodzi ndi ina ya ku Chikwawa, idalowa m'kafukufuku wamkulu wotsogozedwa ndi sukulu ya Liverpool School of Tropical Medicine. Mabanja ena adalandira mbaula zamakono zokhala ndi kachipangizo kopemerera moto, zimene zimafuka utsi wochepa, pamene ena adapitiriza kuphika pa mafuwa. Ana oposa 10,000 osakwana zaka zisanu adatsatidwa kwa zaka ziwiri kuti aone ngati chibayo chichepe.

Zotsatira zidatuluka kumapeto kwa 2016 m'magazini ya madokotala ya The Lancet, ndipo zidadabwitsa ambiri. Ana a m'nyumba za mbaula zatsopano adadwala chibayo mofanana ndi anzawo. Mbaula zinali zabwino pa muyeso wa akatswiri, koma m'mudzi zinkaonongeka, mabanja ankabwerera ku mafuwa nthawi zina, ndipo mwana ankapumabe utsi wa zinyalala zotenthedwa ndi wa moto wa anansi. Tanthauzo lake nlakuti kuchepetsa utsi pa gwero limodzi sikukwanira ngati magwero ena ali chitsegukire. Chimene chidaoneka pa mbaula chingaonekenso pa injini. Nambala yolembedwa m'buku la ku America siisanduka yokha thanzi la mwana wa ku Hara. Pakati pake pali ubwino wa mafuta, kasamalidwe ka injini, ndi mamangidwe a nyumba imene injiniyo ilimo.

Nanga mafutawo achokere kuti?

Dziko la Malawi silikumba mafuta. Dontho lililonse la dizilo limagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, nililowa makamaka kudzera ku Dar es Salaam, Beira kapena Nacala. Amene adaona mizere ya magalimoto ya mu 2011 ndi 2012, ndi inanso kuyambira mu 2022, akudziwa kuwawa kwa kudalira kumeneku. Ndiponso dziko lino si lachilendo pa mafuta a zomera. Kuyambira mu 1982 fakitale ya ku Dwangwa yakhala ikupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo mu 2004 ina idatsegulidwa ku Chikwawa. Ethanol ameneyu amasakanizidwa ndi petulo. Koma iye sathandiza injini ya dizilo, imene imafuna mafuta enieni.

Chiyembekezo chidaikidwa pa msatsimanga, chitsamba chimene azungu amachitcha jatropha, chomwe makolo ankabzala ngati mpanda chifukwa ziweto sizichidya. Njere zake nzapoizoni, koma pafupifupi gawo limodzi mwa atatu la kulemera kwake ndi mafuta. Mu 2006 kudakhazikitsidwa kampani ya Bio Energy Resources Limited, imene idalimbikitsa alimi zikwi zambiri kubzala msatsimanga m'malire a minda yawo, ndipo pofika 2012 idali ndi fakitale yofinyira njere ku Lilongwe. Cholinga chidali chothira mafuta osefedwa bwino a msatsimanga m'dizilo wamba, osapitirira magawo 9 pa 100. Ntchitoyo sidakule monga ankayembekezera. M'maiko oyandikana nafe zidateronso. Ku Zimbabwe fakitale ya dizilo wa zomera idatsegulidwa ku Mount Hampden mu 2007, koma idasowa njere zokwanira. Ku Tanzania kampani ya Sun Biofuels idatenga malo aakulu a midzi m'boma la Kisarawe, ndipo pamene idagwa mu 2011 anthu adatsala opanda ntchito ndi opanda malo awo.

Chimene chidalakwika nchosavuta kuchimvetsa. Kudamveka mbiri yakuti msatsimanga umabala pa nthaka youma ndi yoguga. Zoona zake nzakuti umakhala ndi moyo pa nthaka yotero, koma kuti ubale njere zambiri umafuna chinyezi ndi chonde monga mbewu ina iliyonse. Lita imodzi ya mafuta imafuna makilogalamu anayi kapena asanu a njere. Chigayo cha malita 20 chija chingamalize matumba awiri a njere tsiku lililonse, ndipo njerezo zimatoledwa ndi manja, popeza sizipsa nthawi imodzi. Mlimi akayerekeza thukuta limenelo ndi mtengo wake, amabwerera ku mpunga ndi chinangwa chake.

Maiko amene apambana pa ntchitoyi ali ndi mafuta odyedwa ochuluka kuposa m'mene angadyere. Indonesia, amene amatsogola pa ulimi wa kanjedza wa mafuta, adalamula B30 mu 2020, B35 mu 2023 ndi B40 mu 2025. Brazil, mwini minda ikuluikulu ya soya, adafika pa B15 mu 2025. Koma ku Indonesia minda ya kanjedza idadya nkhalango zambiri, ndipo utsi wa moto wolambulira minda wakhala ukuphimba ngakhale maiko oyandikana nawo. Malawi ali mbali ina ya nkhaniyi, chifukwa ngakhale mafuta ophikira amaitanitsa ena kunja. Kumpoto kwa Karonga, kufupi ndi malire a Tanzania, anthu amalima mitengo ya kanjedza imene imapereka mafuta ofiira otchedwa mawese, ndipo mtedza ndi mpendadzuwa zimalimidwa m'madera ambiri. Koma kutenga mafuta a ndiwo nkuwathira m'injini ndiko kulanda mphika kuti udyetse chitsulo. Chimodzimodzinso, kusandutsa munda wothirira wa ku Hara kukhala wa mbewu ya mafuta kungakhale kugulitsa ng'ombe kuti ugule goli.

Zotsala ndi zinthu zimene sizipikisana ndi chakudya. Pali mipanda ya msatsimanga ndi nsatsi m'malire a minda. Pali mafuta otha ntchito a pa ziwaya ndi m'malo odyera, amene kuwabwereza pa moto kambirimbiri kumaononga thanzi la odya. Palinso madeya a mpunga, amene ali ndi mafuta magawo 15 mpaka 20 pa 100, ndipo m'dziko la India amafinyidwa kwambiri. Vuto lake nlakuti amasasa msanga akangochoka pa chigayo, komanso ndi chakudya cha ziweto. Zonsezi zingayendetse mainjini owerengeka, osati malole onse a pa M1.

Chenjezo kwa achinyamata

Wachinyamata womaliza sukulu, amene akufuna podyera, akhoza kukopeka ndi njira yachidule. Pali misampha iwiri. Woyamba ndi wothira mafuta ophikira osakonzedwa m'thanki. Injini idzalira ndithu, ndipo mwini wake adzasangalala masabata oyamba. Koma mafuta onatawo sapopereka bwino, amasiya makala pa nozo, amatsikira mu oyilo nkumulimbitsa, ndipo mapeto ake utsi umachuluka kuposa poyamba, injini nkufa. Msampha wachiwiri ndi wophika dizilo wa zomera kuseri kwa nyumba popanda maphunziro. Methanol ndi poizoni: kumumwa pang'ono kapena kupuma nthunzi yake kwambiri kumachititsa khungu ngakhale imfa, ndipo amayaka ndi lawi lovuta kuliona masana. Soda woyaka amanyeketsa khungu la munthu ndi maso. Ndiponso mafuta osatsukidwa bwino, otsalira sopo ndi madzi, amaononga pampu ya injini. Safunsa adadya phula. Kupanga ndi kugulitsa mafuta a galimoto m'dziko muno kumafuna chilolezo cha bungwe la MERA, ndipo miyeso ya ubwino wake imaikidwa ndi Malawi Bureau of Standards. Amene ali ndi chidwi chenicheni ayambire ku sukulu za ntchito zamanja ndi ku mayunivesite, kumene kuli zipangizo zoyesera.

Zimene zingachitike osayembekeza mafuta atsopano

Utsi wa injini uli ndi chinenero chake, ndipo aliyense angathe kuchiphunzira. Utsi wakuda umanena kuti mafuta achuluka ndipo mpweya wachepa. Kawirikawiri chifukwa chake ndi fyuluta ya mpweya yotsekeka, nozo yakutha, kapena katundu wopyola mphamvu ya injini. M'chigayo cha mpunga, m'mene fumbi la mankhusu limadzaza chipinda, fyuluta imatsekeka msanga, ndipo kuipukuta ndi kuisintha pa nthawi yake ndi mankhwala otsika mtengo kuposa ena onse. Utsi wobiriwira ngati mtambo umanena kuti injini ikutentha oyilo wake chifukwa zitsulo zam'kati zaperepeseka, ndipo palibe mtundu wa dizilo umene ungachize nthenda imeneyo. Utsi woyera wosatha injini itatentha kale umasonyeza mafuta osapsa kapena madzi olowa kosayenera. Dizilo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu, amene nthawi zina amasakanizidwa ndi palafini kapena madzi, amaonjezera mavuto onsewa.

Chachiwiri ndi paipi yotulutsira utsi. Injini ya chigayo iyenera kukhala m'chipinda chakechake chopita mphepo, ndipo paipi yake ituluke kunja, ikwere kupitirira denga, iloze kutali ndi pamene anthu amayembekezera. Zitsulo zochepa ndi ntchito ya wowotcherera wa pa Uliwa zingachotse utsi wambiri pa mphuno za anthu kuposa m'mene B20 angachotsere. Woyendetsa lole naye azimitse injini pamene akupakira matumba, m'malo moisiya ikulira pakati pa onyamula katundu.

Chachitatu ndi magetsi. Pa mtsinje wa Wovwe, m'boma lomweli, pali makina opangira magetsi ndi mphamvu ya madzi kuyambira zaka za m'ma 1990, ndipo zipangizo zotengera mphamvu ya dzuwa zatsika mtengo kwambiri pa zaka khumi ndi zisanu zapitazi. Chigayo choyendera magetsi sichifuka konse. Kumene mawaya afika ndipo magetsi ngodalirika, funso la mtundu wa dizilo limatha lokha. Dizilo wa zomera malo ake oyenera ndi kumene mawaya sangafike: pa thirakitala, pa lole, ndi pa injini ya bwato.

Aphunzitsi a sayansi ali ndi mwayi wophunzitsa zonsezi popanda zipangizo zodula. Kansalu koyera kopachikidwa kwa sabata imodzi pafupi ndi chigayo, kena m'mphepete mwa msewu, ndi kena pakati pa munda wa mpunga, tingathe kuwaonetsa ophunzira kusiyana kwa mpweya wa malo atatuwo. Akatero awakumbutse kuti chimene chadetsa nsalu ndi gawo looneka lokha.

Tsono yankho la funso lija nlakuti dizilo wa zomera, akapangidwa bwino, amachepetsadi mwaye, carbon monoxide ndi mafuta osapsa, makamaka pa mainjini akale monga amene ali m'midzi, koma amakweza pang'ono mipweya ina, ndipo sasandutsa utsi kukhala mpweya wabwino. Kuti afike ku Hara mokwanira pafunika mbewu yosalanda munda wa chakudya, mtengo wokomera mlimi, ndi fakitale yotsata miyeso, ndipo zaka za msatsimanga zidaonetsa kuti zitatuzi sizikumana mosavuta. Fodya wako ndi uyo ali pa mphuno. Fyuluta yoyera, nozo yabwino ndi paipi yotulukira pamwamba pa denga zili m'manja mwa eni zigayo chaka chino, mpunga wa dzinja lino usanafike pa chigayo.